Tsiku Limene Layisoni Adandibereka

Pempho, taliimitsa tayalalo lisanagwetse thandala langa la mbale! Ligwire, ligwire, ee. Tadala, mthandize mlongo wako, mubwere nalo kuno pakhonde, muligoneke pamiyendo pangapa. Ana inu mwalikwapula ndi timitengo kuchokera pano mpaka pamjigo, dzuwa ndi mvula, koma palibe ndi mmodzi yemwe adandifunsapo kuti, agogo, kodi tayala la njinga yamoto likutani pakhomo pa munthu wopanda ngakhale wilibala? Lero mumva. Khalani pansi, pukutani mamina, tsegulani makutu. Tayala ili ndi ulemu wanga, ana inu, ulemu wanga wozungulira!

Choyamba mudziwe amene akuyankhula nanu. Dzina la ubatizo ndili nalo, koma limagwira ntchito Lamulungu lokha. Masiku enawa, kumjigo, kudimba, kumaliro, ine ndine Nazigamba. Nazigamba ine, Nazigamba wa singano m'duku! Gwira apa Tadala, pang'onopang'ono ingakubaye. Waimva? Imeneyo ndi ya matumba, imalowa pansalu, pachikumba, ngakhale pamphira. Yagona m'mutu mwanga kuyambira ndili namwali.

Masiku athu chinthu sichinkafa kamodzi ayi. Chipanda chikang'aluka tinkachisoka ndi luzi n'kumatapo phula, chizitunga madzi ngati kale. Mtsuko ukayamba kugwetsa misozi, phula lomwelo. Lichero likadyeka m'mphepete, nsungwi yatsopano. Malemu agogo anu aamuna, a Zakeyu, adali ndi kabudula wolimira. Kabudula wovala ndikunena, osati Kabudula wa uko kupitirira Nsaru, usaseke Pempho. Kabudula ameneyo ndidamuika chigamba pa chigamba, chigamba pa chigamba, mpaka tsiku lina tidakangana kuti kodi adagulidwa ali wa mtundu wanji. Iwo ati wakhaki, ine ndati wakuda. Tidafunafuna nsalu yoyambayo, osaipeza. Nanga inu lero? Silipasi ikangoduka chingwe, kulira ngati kwagwa maliro, agogo tigulireni zina. Ife tinkabaya kamsomali kunsi, n'kuyenda mpaka pa Namitete, n'kubwerako, kamsomali kali nganganga.

Chaka china fodya adatikomera mtima, a Zakeyu adabwera ndi njinga yakapalasa, yakuda bii, belu lake likumveka kutsidya kwa dambo. Ndidavina mpaka nkhuku zidathawa! Pa njinga imeneyo tidapita kuchigayo, kuchipatala cha mishoni, kuzikwati, ine kumbuyo ndakhala chammbali, chigumu chili m'kansalu, mtedza wokazinga uli m'thumba la malaya awo. Chubu chake chidali ngati nthenga za nkhanga, madonthomadontho a zigamba. Guluu akatha tinkamanga pobookapo ndi legeni. Chubu chikakaniratu, tinkatutira udzu wouma m'tayala, njinga n'kumayenda gudu gudu gudu, mano akuombana, koma kufika tinkafika. Tayala likang'ambika ndinkalisoka ine. Likaphulika panjira, a Zakeyu ankangotsitsa mwendo pansi, ine n'kudumpha, n'kuseka, n'kumasula chigumu chija tidye. Yakapalasa ndi choncho, imathamanga ngati munthu, imagwanso ngati munthu.

Tsono mverani ichi, musachitaye. Ana anga onse ndidawabereka kumsana kuno, msana mukuuona wapindikawu. Nsalu yoberekera mwana, mbereko, imatopa pawiri: apa pachifuwa pomangira mfundo, ndi apo pokhala matako a mwana. Ine ndikaitambasula padzuwa n'kuona kuwala kukudutsa pamenepo, basi, ntchito yake yatha. Ndinkaing'amba, ina matewera, ina nkhata. Singano yanga yakhudza zonse, koma mbereko siidaikhudzepo. Chigamba chimagwira, inde, koma nsalu yotopa imang'ambikira m'mbali mwa chigambacho, ndipo siichenjeza munthu. Nthawi ya mzime wanga, amalume anu a Layisoni, chidali chaka cha njala, nsalu yabwino ndidatsala nayo imodzi yokha, ya maluwa, yopitira kutchalitchi. Ndidaisandutsa mbereko. Kutchalitchiko ndinkapita nditavala ya zigamba, amayi anzanga akutsinana, Nazigamba wafika, Nazigamba wafika. Ine ndinkaimba mokweza kuposa onsewo, mwana ali phee kumbuyo pamaluwa ake.

Kwa inu ndi amalume, kwa ine ndi Layisoni basi. Adakula wosayankhulayankhula, mukumudziwa, mawu amachita kuwakumba ngati mbatata ya m'chilimwe. Adalima, adasunga, adagula njinga yamoto, n'kuyamba kabaza pa Namitete. Tayala lake lakutsogolo lidali lomweli. Tadala, yang'ana apa pamsana pake, pomwe pamaponda pansi. Ukukaona kabowo aka? Apa padalowa msomali wa pachigafa cha fodya. Tsikulo ndidamuonerera ndekha pabwalo pano. Adazula msomali, adapapasa m'kati monse ndi zala, adapala chubu, adapaka guluu, adadikira, adamata, adapopa, n'kuchiviika m'beseni kuona ngati kutuluke thovu. Thovu lidasowa. Ndidaimba nthungululu! Ndati magazi anga awa, mwana wa Nazigamba uyu! Ndipo tayala lidayenda, miyezi ndi miyezi, osadandaula.

Kenako kudadza chinkhoswe cha achemwali anu a Esinati, mwana wa amayi anu aakulu aja adatengedwa chitengwa kwa Nsaru. Esinati ndi mdzukulu wanga woyamba, ndidamusambitsa ndine tsiku lobadwa. Adabwera yekha kuno, adagwada pomwe wakhala Pemphopo, adati:

"Agogo, anzanga onse amatuluka m'nyumba ndi nyimbo za pasipika. Ine ayi. Ine ndidzatuluka ndi mawu anu. Mukapanda kuyambitsa nyimbo inu, ndikhala momwemo mpaka ndimere mizu."

Ndidamulonjeza. Ndidati ngakhale chokwawa, mwanawe, ndidzafika.

Abale onse adatsogola dzulo lake pa ngolo, ndi nkhuni, ndi migolo ya thobwa. Ine bondo ili silikondana ndi ngolo, ndiye tidapangana kuti Layisoni adzanditenga m'mawa. Idali nyengo ya fumbi, mango ali maluwa okhaokha, minda ili mbee. Ndidavala nsalu ya chinkhoswe yofanana ndi ya abale onse, adandiveka chisoti cholimba chija pamwamba pa duku, singano ili m'malo mwake, ndidakwera, ndidamugwira m'chiuno. Panjira ndinkayeserera nyimbo yanga, mphepo ikundilanda mawu pakamwa.

Titafika chapakati pa ulendo, pamchenga, ndidamva khwaa, kenako fwiii. Njinga idayamba kuvina ngati yamwa kachasu. Layisoni adailimbira, adainyengerera, mpaka idaima m'udzu. Mwayi wake mchengawo udali utatichepetsa kale liwiro. Chidali chitsulo chogwa pa ngolo ya wina, chobisala m'mchengamo. Pempho, pisa chala apa. Osati pamsana, m'mbalimu, m'nthiti mwake. Chalowa chonse eti? Ukumva timaulusi tikukukanda? Ndi pamenepo.

Tidakankha mpaka pamphambano pena pomwe pali mkuyu, pansi pake bambo wina womata matayala, ali ndi pampu yake ndi beseni la madzi akuda. Atangoliona adati:

"Agogo, musatutumuke, izi n'zazing'ono. Chubu ndimata, m'katimu ndiyalamo chidutswa cha tayala lakale, tipope, muzipita. Thobwa mukalipeza lisanathe."

Ndati, "Munthu ndi ameneyu! Matani bambo, matani, mdzukulu wanga akumera mizu uko."

Layisoni ali wanjuta, chala chili m'bala la tayala. Adadzutsa mutu, adati, "Achimwene, mutamata choncho, amayi anu mungawakwezepo?"

Bamboyo adaseka. "Amayi anga amayenda pansi. Njinga yamoto amaiopa ngati njoka."

"Nanga akadakhala okwera?"

Adakanda m'mutu, adayang'ana m'mwamba mwa mkuyu ngati yankho lili m'nkhuyu. "Thumba la chimanga ndingakwezepo, chapang'onopang'ono. Za amayi musandifunse."

Pamenepo ine moto buu! Ndidavula chisoti, ndidasolola singano m'duku. Ndati, "Sunthani nonse awiri. Matayala ndidayamba kusoka iwe usanabadwe. Abambo ako ndidawasokera, tidafika ku Nambuma n'kubwerako."

"Ija idali yakapalasa, amayi. Likaphulika abambo ankatsitsa mwendo. Ili ndi lakutsogolo, ndipo kutsogoloku kuli mtsetse wa kudambo uja. Likakaphulikira pamenepo palibe wotsitsa mwendo."

"Nanga pamsomali paja sudamate? Ndidakuimbira nthungululu ndine!"

"Paja padali pamsana, amayi. Mphira wokhuthala, kabowo kakang'ono, ulusi wa m'kati uli bwinobwino. Apa ndi m'nthiti. Nthiti zimapuma, tayala likamazungulira zimapindika, zimawongoka, zimapindikanso. Ulusi waduka. Chigamba chigwira, koma mphira ang'ambikira m'mbali mwake, ndipo sachenjeza."

Ana inu, mwana kukaniza mayi wake, pamsewu, pamaso pa mlendo! Ndidaimirira njoo, bondo lopwetekalo osalimvanso. Ndati, "Iwe Layisoni, ukuyankhula ndi ndani? Ndidakubereka ndine!"

Adatsitsa maso. Adagwada m'fumbi ndi thalauzi lake losita lija. Adati, "Mudandibereka, amayi. Kodi mudandibereka pansalu ya chigamba?"

Ndisanatsegule pakamwa, adapitiriza:

"Mudapita kutchalitchi ndi zigamba kuti ine ndikhale pansalu yamphumphu. Mwatiuza kangati? Lero wobereka ndine, wakumbuyo ndinu. Mbereko yanga ndi iyi, ndipo yang'ambika pomangira."

Ayi ana inu, ayi, ayi! Mawu ndidawaponya ine, kubereka, iye adawawakha m'malere n'kundibwezera m'manja mwaulemu. Mwana wosayankhula uja! Ndidayang'ana singano, ndidayang'ana tayala, ndidayang'ana mwana wanga ali chigwadire. Singano ndidaibwezera m'duku. Kuyambira unamwali wanga, aka kadali koyamba kuti ituluke n'kubwerera osagwira ntchito.

Womata uja adati, "Agogo, ameneyu mudamulera."

Ndati, "Khalani chete inu a thumba la chimanga, m'bwerekeni njinga yanuyo."

Adam'bwereka yakapalasa yake, yopanda pokhala munthu kumbuyo, kuti akagule tayala ndi chubu chatsopano kwa Nsaru. Ndalama zomwe Layisoni adasungira kukafupa pachinkhoswe, ndiye zidalowera kumeneko. Asananyamuke adaimbira foni amayi anu aakulu. Yankho lidali lowawa: akuchimuna abwera pa lole kuchokera ku Mpingu, loleyo ibwerera dzuwa lisanalowe, sangadikire gogo mmodzi.

Ndidatsala pansi pa mkuyu. Dzuwa lidakwera, mthunzi udafupika. Ndikuona Esinati ali m'nyumba, akutchera khutu kumsewu. Kenako kudatulukira wakabaza wina, kumbuyo kulibe munthu.

"Agogo, kwa Nsaru? Kwerani, tifika musanameze malovu!"

Mtima udalumpha, ana inu. Phazi lina lidali litanyamuka kale. Koma ndidawerama, ndidayendetsa chala changa chosokera ichi m'nthiti mwa tayala lake. Chotupa! Chotupa ngati chithupsa chakupsa, chomangidwa ndi waya. Ndati, "Pitani bwino bambo, ine ndili naye wondibereka. Koma chithupsa chanucho chikaonedwe lero lomwe." Adaseka, adaliza injini, adapita. Ndidakhalanso pansi, misozi ili pafupi, chifukwa ndidaganiza kuti lonjezo langa lapita ndi fumbi lakelo.

Layisoni adabwera thukuta lili kamukamu, tayala latsopano walikoleka m'khosi ngati mkanda. Adathandizana ndi womata uja, adaika, adapopa, adalizungulitsa, adalimvetsera. Fungo la mphira watsopano, ee, mpaka lero ndimalimva! Tidakwera. Ndati thamanga mwanawe, ati ayi amayi, tachedwa kale, tisachedwe kawiri. Pamtsetse wa kudambo paja, miyala ili yangayanga, atagwira mabuleki ndidamva thupi langa lonse ndi lake zikutsamira tayala lakutsogolo. Zomwe adanena ndi pakamwa zija ndidazimva m'mafupa. Ndidangomugwiritsitsa m'chiuno monga ankandigwirira m'khosi ali khanda.

Tidafika dzuwa litapendeka. Ndikumva masipika patali, ndati zatha, mwana watuluka ndi nyimbo za eni ake. Komatu ayi! Mukudziwa mwambo wake: asanatuluke mwini wake, amayi amatulutsa atsikana ena atawafunditsa nsalu kumutu, akuchimuna n'kumavundukula n'kumakana kuti si ameneyu. Amakhala ochepa chabe, anthu aseke, basi. Tsikulo Esinati adakana kusuntha, ndiye amayi a m'mudzimo adapangana. Adatulutsa atsikana onse a m'mudzi, adatha. Adatulutsa amayi oyamwitsa, adatha. Pomwe ife tinkafika, amalume a mkamwini adali akuvundukula gogo wina wopanda dzino ndi limodzi lomwe, gogoyo akukuwa kuti, "Ndine ndemwe, nditengeni, ndakonzeka!" Bwalo lonse lili gadaa ndi phwete. Woyendetsa lole yekha ndiye sankaseka, akungoyang'ana dzuwa.

Ndidatsika, nsalu ili mbuu ndi fumbi, chisoti chikadali kumutu. Nyimbo ndidakonza ija idathawa, sindidziwa komwe idapita. Idabwera ina, yokha, kuchokera m'mimba:

Ndachedwa ine, ndachedwa, ee,
koma ndafika ndi mafupa onse!
Ndidam'bereka pansalu ya maluwa,
wandibereka pamphira watsopano!
Tuluka Esinati, tuluka mwanawe,
agogo ako afika amphumphu!

Amayi adaivomera ngati adaiphunzira ali ana. Wa masipika adazimitsa zake. Chitseko chidatseguka. Esinati adatuluka atafunditsidwa nsalu, koma amalume a mkamwini sadavutike kumuzindikira, chifukwa nsaluyo inkagwedezeka, mwana akulira ndi kuseka nthawi imodzi m'katimo. Nthungululu zake, ana inu, mbalame zidathawa m'mitengo mpaka kutsidya!

Itafika nthawi yofupa, Layisoni adaima chapatali, manja lende. Alamu ake akumunyodola, "Amalume, lichero likudikiratu! Kapena ndalama zagwera m'dambo?" Iye maso pansi, mawondo a thalauzi ali ofiira ndi fumbi la pamphambano. Ndidalanda chimkuzamawu, ndidamukokera pakati pabwalo, ndati, "Ameneyu musamufunse. Wafupa kale. Wabweretsa ine!" Tidavina awiri, mayi ndi mzime wake, bondo langa lidaiwala kuti limapweteka.

Pobwerera m'mawa mwake tidaima pamkuyu paja kuthokoza. Womata adalipempha tayala lakaleli, ati adzadulemo zidutswa. Ndati ayi bambo, ndikukudziwani inu ndi ine, ndife amodzi, manja athu sapirira kuona chinthu chong'ambika. Mawa lipezeka pa njinga ya wina. Ndidalikoleka paphewa, ndidabwera nalo kuno, ndidakupatsani inu.

Tsono Tadala, diresi lako lang'ambika m'khwapa, kavule ubwere nalo, limenelo ndi la singano yanga, Nazigamba sadafe. Pempho, tenga tayala lako, likwapule, lithamange mpaka pamjigo, lizithamanga lokha lopanda munthu kumbuyo. Ndipo tsiku lomwe mudzakwere kabaza, musanakweze mwendo, muyambe mwawerama mupapase m'nthiti. Akakufunsani kuti mwaphunzira kuti, mudzanene kuti kwa amalume athu.

Dikirani. Mukumva? Injini imeneyo ndimaidziwa ngakhale ndili m'tulo. Sunthani, sunthani pakhomopo, ndipatseni ndodo yanga, ndikamuimbire wondibereka wanga!